Funsani Dokotala: Anamanga mchimwene wanga kuchipatala, kodi n'zoyenera?

Funso: Adokotala, mchimwene wanga wa zaka 24 anatha masiku angapo osagona, kenako anayamba kulankhula yekha ndi kunena kuti anthu akufuna kumupha. Titapita naye kuchipatala usiku, tinakhala pabenchi mpaka mbandakucha. Atayamba kukuwa, alonda anamugwetsa pansi n'kumumanga ndi nsalu. Anamubaya jakisoni, kutacha n'kutiuza kuti tizipita. Palibe anatifotokozera kanthu. Kodi zimayenera kutero?
Mlongo wodandaula

Yankho: Pepani kwambiri achemwali. Ayi, sizimayenera kutero. Munthu wosokonezeka maganizo mwadzidzidzi ndi wodwala mwakayakaya, ngakhale sakutuluka magazi, ndipo sayenera kukhala pamzere usiku wonse.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti simunatchule zoti anamuyeza. Tisananene kuti ndi matenda a maganizo, timayamba tayeza shuga, kutentha kwa thupi, kuthamanga kwa magazi ndi malungo, n'kuona ngati sanavulale m'mutu. Shuga akatsika kwambiri, munthu amabwebweta ndi kuchita ndewu. Malungo olowa mu ubongo ndi matenda oumitsa khosi amachitanso chimodzimodzi, ndipo amapha msanga. Chidakwa chikasiya mowa mwadzidzidzi, pakatha masiku awiri kapena atatu chimayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kuona zinthu zomwe palibe. Kungobaya jakisoni wogonetsa osayeza kumabisa zonsezi.

Za kumangazo. Munthu amene akuganiza kuti akufuna kuphedwa, akaona amuna anayi akumuzungulira, amati adani aja afika. Choyamba n'kumuchotsa pagulu, kumulowetsa m'chipinda cha phee, munthu mmodzi n'kumalankhula naye motsitsa mawu, momutchula dzina, wachibale ali pambali. Kutsutsana naye kuti "palibe akukufuna" sikuthandiza. Ambiri amavomera kumwa mapiritsi akaona kuti sakuwopsezedwa. Kumanga kumabwera pomaliza, pamene watsala pang'ono kudzivulaza kapena kuvulaza ena, kwa kanthawi kochepa, namwino akuyang'anira kapumidwe kake. Kumupanikiza chafufumimba ndiye ayi ndithu, chifukwa munthu amabanika n'kufa.

Musaganize kuti zonsezi zimafuna katswiri wa matenda a maganizo. Mu 2008 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linayambitsa ndondomeko ya mhGAP yophunzitsa anamwino ndi madokotala wamba kuthandiza odwala otere. Chimodzi mwa zimene amaphunzira n'kufunsa mosapsatira ngati wodwala akuganiza zodzipha. Anzanga ena amaopa funsoli, koma kufunsa sikumupatsa munthu maganizo amenewo. Padziko lonse anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse, ndipo masabata oyambirira munthu atatuluka m'chipatala ndi owopsa zedi.

Choncho bwererani naye msanga, musadikire kuti zibwerenso. Funsani kuti anapeza chiyani, jakisoni uja dzina lake ndi chiyani, ndipo adzaonedwanso liti. Ndi bwino pasathe sabata. Kunyumba bisani mankhwala, zingwe ndi mankhwala ophera tizilombo, komanso asamakhale yekha.

Ngati anamubaya haloperidol kapena chlorpromazine, yang'anirani khosi kupindika, nsagwada kuuma, lilime kutuluka kapena maso kutembenukira m'mwamba. Zimenezi zimachitika kawirikawiri kwa anyamata, ndipo pali mankhwala ozithetsa mwamsanga. Akatentha thupi, akakomoka kapena akatchula zodzipha, thamangani naye ngakhale pakati pa usiku.