Funsani Akochi: Mpira ukungodumpha mpanda, ndikulakwitsa pati?

Akochi moni. Ine ndine bambo wa zaka 41, kwathu ndi ku Angonia koma ndimagwira ntchito ku Moatize. Tenesi ndayamba mu Juni mnzanga wakuntchito atandipatsa raketi yake yakale, nde timasewera Loweruka lililonse koma zikundikanika, ndikamenya mwamphamvu mpira ukudumpha mpanda mpaka ana kukautola kutchire, ndikati ndimenye pang'ono ukukathera mu neti, backhand (kumenya mpira wobwera kumanzere kwanga) nde ayi ndithu ndimangozungulira kuti mpira undipeze kumanja. Panopa chigongono chayamba kuwawa, olo kunyamula ketulo ndikumva kulasa. Kodi ndachedwa kuyamba? Mayi akunyumba akuti ndisiye ndisanalumale.
Wowerenga wa ku Moatize

Achimwene, simunachedwe ayi, tenesi anthu amasewera mpaka imvi mbuu. Koma mayi akunyumbawo musawanyoze, pa nkhani ya chigongonoyo akunena zoona ndipo tiyambire pomwepo. Raketi muyike pansi kaye kwa masabata awiri kapena atatu, madzulo muzikulunga ayezi m'kansalu n'kuyika pamalo powawapo mphindi 15, ndipo ngati ululu sukutha kapena dzanja layamba kuchita dzanzi pitani kuchipatala akakuoneni. Kuwawa kwa kunja kwa chigongono kumeneku amati tennis elbow, kumabwera minyewa yoyendetsa dzanja ikatopa, ndipo kwa oyamba kumene kawirikawiri chimayambitsa ndi kufinya chigwiriro cha raketi ngati mukukama ng'ombe komanso kumenya mpira mochedwa, utakudutsani kale.

Kuchedwako ndi komwenso kukukuthawitsirani mipira kutchire. Ine ndikuona ngati mukumayima chilili moyang'anizana ndi neti, kudikira mpira udunde pansi kenako nkumayamba kukoka raketi, pofika pamenepo nthawi yatha nde mkono wokha ndi umene ukuphupuluka, nkhope ya raketi yayang'ana kumwamba, mpira uwo wapita. Taganizani mmene mumatchetchera udzu ndi chikwakwa kwanu ku Angonia. Palibe amatchetcha ndi mkono wokha, angatope asanamalize ndime, munthu amapinda mawondo pang'ono, amapotokola chiuno ndi mapewa, chikwakwa chimangotsatira. Forehand, kumenya mpira wobwera kumanja kwanu, ndi chimodzimodzi. Mnzanu akangomenya mpira, usanadutse n'komwe pa neti, inu mapewa atembenuke kale, phewa lamanzere liloze kumene mpira ukuchokera, dzanja lamanzere lithandize kukokera raketi m'mbuyo. Kenako raketi itsike kumunsi kwa mpira, ikwere nawo, mukumane nawo kutsogolo kwa thupi chamuchiuno umu, ndipo musayime pamene mwagundapo, ipitirire mpaka ikathere paphewa lamanzere. Kuchoka pansi kupita m'mwamba kumeneko ndi kumene kumazunguza mpira, amati topspin, mpira umakwera bwinobwino pamwamba pa neti kenako nkudzigwetsa wokha m'bwalo. Mphamvu zisiyeni kaye. Bwalo lonse ndi mamita 23.77 okha m'litali, munthu wolima ngati inu theka la mphamvu zanu likukwana.

Kagwiridwe kosavuta poyamba, imikani raketi cham'mbali, gwirani chigwiriro ngati mukupatsana moni wa chanza ndi munthu. Mogwira ndithu koma mosafinya, mnzanu atakoka mwamphamvu raketiyo izitha kusolomoka.

Neti musamaiope komanso musamaipale. Pakati ndi yotalika masentimita 91.4, kumitengo kuja 1.07 mita, nde mpira wodutsa pakati mopingasa uli ndi mpata wambiri kusiyana ndi wotsata mzere wam'mbali. Lingani kuti uzidutsa mita imodzi pamwamba pa neti. Anthu amaonera pa TV nkumaganiza kuti akatswiri amametetsa neti, koma taonetsetsani mipira ya Rafael Nadal mmene inkakwerera.

Backhand gwirani ndi manja awiri basi. Ndikudziwa ya dzanja limodzi ya Roger Federer imakoma m'maso, koma iye uja anayamba ali kamwana, inu muli ndi chigongono chodwala kale. Novak Djokovic amamenya ndi manja awiri, Serena Williams chimodzimodzi. Dzanja lamanja pansi, lamanzere pamwamba, ndipo lamanzerelo ndi lomwe likugwira ntchito yaikulu, zili ngati mukumenya forehand ndi dzanja lamanzere lamanja likungoperekeza. Ndipo lekani kuithawa, mukamaizungulira mnzanuyo waona kale, azingokuponyerani komweko.

China chomwe ndikufuna muchite ndi kusintha mipira. Bungwe la ITF loyang'anira tenesi padziko lonse linakhazikitsa mipira yofewa yophunzirira, yofiira, ya olenji ndi yobiriwira, wa kadontho kobiriwira umayenda pang'onopang'ono ndi pafupifupi 25 peresenti kuyerekeza ndi wachikasu wamba ndipo sudunda kwambiri. Anthu akuluakulu amachita nayo manyazi eti ndi ya ana, koma imakupatsani nthawi yotembenuka ndipo siigwedeza mkono. Ngati ku Tete simuipeza tumani amene akupita ku Blantyre kudzera pa Zobue kapena ku Beira akayang'ane. Raketi yakaleyonso kaiyezeni pa sikelo, kwa woyamba kumene ya magalamu 270 mpaka 300 ili bwino. Ndipo ndi kutentha kwa ku Moatize kuja, Okutobala akafika muzisewera m'mamawa dzuwa lisanakwere kapena likapendeka, botolo la madzi lili pambali.

Akochi, ine ndine mayi, mphunzitsi kuno ku Ulongwe. Tenesi ndinaikonda nditaonera Ons Jabeur, raketi ndili nayo koma pafupi pano ndilibe bwalo loti ndizisewerapo, ndimasewera ndikapita kwa achemwali anga ku Tete nthawi ya holide basi, nde ndikabwerera zonse ndimayiwala, makamaka serve, kamenyedwe koyambitsira mpira. Nditani?
Wowerenga wa ku Ulongwe

Mayi, mwasankha bwino womuonera, mayi wa ku Tunisia ameneyu anafika fainolo ya mpikisano waukulu wa Wimbledon kawiri, 2022 ndi 2023. Inu muli pasukulu nde khoma muli nalo, pezani lopanda mawindo, pemphani kwa ahedi, jambulani mzere ndi choko pa masentimita 91 kuchokera pansi, bwererani m'mbuyo mapazi asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu. Khoma silitopa ndipo silibweza mpira mwachifundo. Musalimbane nalo, menyani mofatsa, mpira uzidunda kamodzi, muziwerenga, lero 5 osaphonya mawa 8, tsiku lomwe mudzafike 20 mudzandilembere. Nthawi iliyonse mpira ukagunda khoma dumphani pang'ono nkutera ndi zala za kumapazi miyendo itatakasuka, kadumphidwe kameneka ndi kamene kamadzutsa miyendo kuti musamapezeke mutamera mizu. Ana asukulu akuzingani kuonerera, asiyeni, mmodzi mubwerekeni raketiyo ayeseko.

Serve simufunika bwalo kuti muiphunzire chifukwa vuto la ambiri ndi kaponyedwe ka mpira m'mwamba. Mpira ugwireni ndi nsonga za zala osati kuufumbata, mkono wowongoka, muukweze mofatsa ngati mukupachika chimanga cha mbewu kudenga la khitchini, nkuusiya dzanja likafika chapamaso. Ukwere kupitirira pang'ono pamene raketi yanu imafika mutadziwongola, ugwe kutsogolo kwa phazi lamanzere chakumanja pang'ono. Ikani raketi pansi pamalo pamenepo muone ngati mpira ukugwera pa zingwe, kakhumi m'mawa kakhumi madzulo. Pomenya raketi igwireni ngati nkhwangwa, masiku oyamba mipira izipita kumbali ndipo mudzafuna kubwerera ku kagwiridwe kakale kokhala ngati mukupha ntchentche, musabwerere, pirirani mwezi umodzi.

Kumbukiraninso kuti ku Angonia kuno ndi kumtunda, mpweya ndi wopepuka nde mpira umathamanga ndi kudunda kwambiri kusiyana ndi kuchigwa cha Zambezi. Mukatsikira kwa achemwali anu mphindi zoyamba mpira uzioneka ngati ukuchedwa kukufikani, yambani pafupi ndi neti m'timabokosi tojambulidwa pansi momwe serve imagwera mpaka dzanja lizolowere kenako muzibwerera m'mbuyo.