Musaudumphe mutu wa evolution, mudzaupeza ku wodi

Achemwali, mwafunsa ngati mungoudumpha mutu wa evolution (momwe zamoyo zimasinthira mibadwo ikamapita) m'maphunziro anu a zaudokotala, poti mukuuona ngati nkhani ya mafupa akale ndi anyani yomwe sikhudza wodwala, komanso ukusemphana ndi zomwe mumakhulupirira. Ine ndikuti musaudumphe ayi. Ndakhala ndikuona odwala kwa zaka zambiri, ndipo mankhwala amene ndinkalemba ndikuyamba ntchito ena sagwiranso. Chifukwa chake chili m'mutu womwewo.

Yambani ndi malungo athu ano. Kale chloroquine ndiye anali mankhwala a malungo m'nyumba iliyonse. Munthu akamwa, tizilombo tambiri timafa, koma tochepa tomwe tinabadwa ndi kusiyana pang'ono m'majini ake (ma gene, malangizo a chibadwa amene chamoyo chimatengera kwa makolo) timapulumuka, udzudzu n'kutinyamula kupita kwa wina. Chaka ndi chaka topulumukato tinachuluka mpaka ana anayamba kubwerera kuchipatala thupi likadali moto atamaliza mankhwala. Mu 1993 dziko la Malawi linakhala loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba SP, uja timati Fansidar.

Chomwe chimandisangalatsa kwambiri ndi zimene zinatsatira. Mu 2005 ofufuza anayesanso chloroquine pa ana ku Ndirande ku Blantyre, ndipo anachiza ana pafupifupi 99 pa 100 alionse, pamene SP anali atayamba kale kulephera. Zinatheka bwanji? Kusamva mankhwala kuli ndi mtengo wake kwa kachilombo. Chloroquine akakhalapo, kachilombo kosamva kamapambana. Akachotsedwa, kamatsalira pa mpikisano ndi tinzake tomwe tilibe katundu ameneyu. Tsono tomva mankhwala tija, tomwe tinali titatsala tochepa, tinachulukananso. Wophunzira woloweza maina a mankhwala okha sangathe kulongosola zimenezi. Wodziwa evolution amazilongosola, ndipo amadziwanso chifukwa chake sitinathamangire kubwezeretsa chloroquine payekha: tizilombo tosamva tikanadzukanso.

Mukamvetsa pamenepa, zambiri zimatseguka zokha. LA amene tinayamba mu 2007 ndi mankhwala awiri m'piritsi limodzi, ma ARV ndi atatu, TB timayamba ndi anayi. Si kukonda mapiritsi. Kachilombo kamodzi kakhoza kuzemba mankhwala amodzi mwamwayi, koma kuzemba atatu nthawi imodzi n'kovuta zedi. Ndipo nkhaniyi sinathe: ku Rwanda ndi ku Uganda kwapezeka kale tizilombo ta malungo tochedwa kufa ndi artemisinin, amene ndi msana wa LA. Inuyo mudzayamba ntchito m'nthawi imeneyo.

Chitsanzo china ndi sickle cell, matenda a magazi otengera kwa makolo kudzera mu jini. Tsiku lina mayi adzakufunsani chifukwa chake mwana wake akudwala pamene iye ndi mwamuna wake ali bwinobwino, ndipo kumudzi ena adzakhala atanena kale za ufiti. Mu 1954 Anthony Allison anaonetsa kuti munthu wotenga jini imeneyi kwa kholo limodzi amatetezeka ku malungo oopsa. N'chifukwa chake jiniyi ndi yofala kumene malungo akhala zaka zikwizikwi. Makolo onse awiri akakhala nayo, pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi mwa inayi woti mwana atenga kwa onse n'kudwala. Mayi akamva zimenezi m'Chichewa chomveka amasiya kudziimba mlandu. Ndaziona ndi maso anga.

Za chikhulupiriro sindikupeputsa. Inenso ndimapemphera, ndipo nkhani ya chiyambi cha munthu ndikusiyirani inu ndi mtima wanu. Koma kachilombo kosintha m'magazi a wodwala wanu timakayeza m'labu, ndipo kamasintha kaya dokotala amapemphera kapena ayi.

Powerenga, musataye nthawi yambiri kuloweza mibadwo ya zinyama zakale kupitirira zomwe mayeso akufuna. Gwirani zinthu zitatu mpaka muzitha kuzifotokozera mng'ono wanu wa Fomu 2: kusiyana kwa majini kumabwera mwangozi, chilengedwe kapena mankhwala amasankha otsala, otsalawo amapatsira ana awo. Ambiri amalakwa ponena kuti thupi la wodwala lazolowera mankhwala, kapena kuti kachilombo kaphunzira. Sichoncho. Kosamvako kanalipo kale kapena kanabadwa mwangozi, ife tangokachotsera opikisana nako.

Mukayamba kulowa m'mawodi, pemphani kuona zotsatira za magazi a odwala typhoid kapena matenda ena a mabakiteriya, muone mankhwala angati alembedwa kuti sakugwira. Kenako mufunse odwala angapo kuti anamwa chiyani asanabwere. Ambiri adzatchula amoxicillin kapena Bactrim wogula pagolosale, masiku awiri basi. Mulembe zimenezo m'kope lomwelo la evolution, mudzatiuze zomwe mwapeza.