Ati poti kulibe mapepala, kulibenso mbiri?

Lachiwiri usiku ndinalandira imelo ya mtsikana wina amene akufuna kuchita digiri yachiwiri ya mbiri yakale. Mtima wake uli pa zaka za m'ma 1300, koma wina wamuuza kuti palibe chofufuza chifukwa makolo athu sanasiye zolemba. Ndiye akufunsa ngati angosintha mutu.

Achemwali, mwanditokosa pachilonda. Ndili mnyamata, khasu likagunda phale kudimba kwa agogo, ndinkalitola n'kugendera mpheta. Mapale ena anali ndi timizere m'khosi ngati mphini, ndipo agogo ankangoti, "Zisiye izo, n'za anthu akale." Nditafika ku koleji ndinawakumbukira mapale aja, n'kukauza mphunzitsi wina kuti ndikufuna kulemba za iwo. Anaseka mpaka kuvula magalasi. "Uyambire pamene anafika Apwitikizi, kumbuyo konseko ndi nthano." Ine phee, ndinakalemba za msonkho wa atsamunda. Ndinakhoza ndithu, koma pepalalo sindinalitsegulenso.

Chimandipweteka n'chakuti bodza limeneli linali litagwa kale ine ndisanabadwe. Mjeremani wina, Karl Mauch, atafika ku mabwinja a mzinda wakale wa Great Zimbabwe mu 1871, anaona makoma amiyala osanjidwa popanda matope, ndipo anati ndi za mfumukazi ya ku Sheba. Kwa iye munthu wakuda sakanamanga khoma lotalika mamita 11. Kenako kunabwera Richard Hall, amene anakokolola dothi lambirimbiri m'mabwinjamo ngati akusesa pabwalo, n'kutaya umboni umene sudzabweranso. Ameneyu ndikamuganiza tulo timandithawa. David Randall-MacIver mu 1905, ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929, anakumba mwadongosolo n'kunena poyera kuti omanga anali Aafirika. Komabe mu 1970 wofukula zakale wina, Peter Garlake, anachoka m'dziko la Rhodesia (lero Zimbabwe) chifukwa boma la azungu la Ian Smith silinkafuna kumva zimenezo. Ndiye munthu akakuuzani kuti kulibe chofufuza, dziwani kuti akubwereza ndale za Ian Smith, kaya iye akudziwa kapena ayi. Inde, ndanena.

Ndipotu n'zabodza kuti mapepala kulibiretu. Ibn Battuta, mlendo wa ku Morocco, anafika ku Kilwa, kugombe la Tanzania wa lero, mu 1331, nalemba za sultani wake, al-Hasan ibn Sulaiman, komanso za golide wodzera ku Sofala, kugombe la Mozambique wa lero. Tsono tamverani: kakhobidi kamkuwa kokhala ndi dzina la sultani yemweyo kanapezeka ku Great Zimbabwe, kumenenso kunapezeka zidutswa za mbale zochokera ku China ndi ku Persia. Kakhobidi kamodzi, koma kakugwirizanitsa zolemba za mlendo wa ku Morocco ndi bwinja la pafupi ndi Masvingo. Ine nditawerenga zimenezi ndinadzuka pampando, tiyi mpaka kutayika.

Ndisaiwale, mawu achingerezi akuti medieval, amene timatchulira zaka zimenezi, amandivutanso. Anapangidwira ku Ulaya, kutanthauza nthawi ya pakati pa kugwa kwa ufumu wa Roma ndi zaka za m'ma 1400. Kodi amene ankasula mitanda yamkuwa imene inapezeka ku Ingombe Ilede ku Zambia, kufupi ndi Zambezi, anali pakati pa chiyani ndi chiyani? Timangowabwereka mawuwo kuti tizimvana pamisonkhano, koma amatithina ngati nsapato yapakaunjika.

Nanga muyambire pati?

Mutu musasinthe, muuchepetse. Sankhani malo amodzi ndi chinthu chimodzi, kaya mikanda, kaya mapale. Werengani zimene Mmalawi wofukula zakale, Yusuf Juwayeyi, anafukula ku Mankhamba kufupi ndi Mtakataka, ngakhale zambiri za kumeneko n'zapambuyo pa zaka mukufunazo. Phunzirani mmene amayezera zaka za makala ndi mafupa pogwiritsa ntchito carbon-14, amene theka lake limatha pa zaka pafupifupi 5,730, kuti muzitha kutsutsa madeti m'malo mongowameza. Pezaninso woyang'anira kafukufuku amene anagwirako dothi ndi manja ake, ndipo musakumbe paliponse popanda chilolezo cha boma.

Chaka chatha ndinapita kumudzi kukafuna mapale aja. Pamene panali dimba la agogo anaumbapo njerwa, pangotsala dzenje lodzaza madzi ndi achule. Ndinatokosatokosa m'mbali mwake ndi kamtengo mpaka ana anayamba kundiseka, ndipo ndinapeza phale limodzi lokha, lopanda timizere. Lili pano patebulo, ndimatsindirira mapepala.