Funso la mu labu, kofunsa nkuti?

Achemwali, mwati chubu cha negative control (chomwe simunaikemo DNA ya sampulo) chikutulutsa bandi, kamzere koonetsa DNA pa gel, mukachita PCR (njira yochulukitsira DNA), ndipo mukufuna kudziwa kofunsa pa intaneti. Zimatengera mtundu wa funso.

La pabenchi ngati lanuli, yambirani kukampani imene inapanga kiti, muwatumizire catalogue number ndi lot number. Ndi okhawo angadziwe ngati ena adandaulapo kale za lot imeneyo. Ngati njira yake munaitenga pa protocols.io, tsamba logawanirana njira za mu labu, funsani pansi pa sitepe yomwe yakuvutaniyo. Pa ResearchGate anthu ndi ambiri, koma mayankho ake ndi osakanikirana, ena amangoponya zomwe anamva, choncho muziona kaye ngati woyankhayo ntchitoyi anaigwirapo. Za sequencing (kuwerenga ndondomeko ya DNA) pitani nazo ku tsamba la Biostars, zithunzi za maikulosikopu mu pulogalamu ya Fiji kapena QuPath ku tsamba la image.sc. Gulu la WhatsApp ndi labwino pobwerekana ma reagent, koma yankho lanzeru limakwiririka pasanathe masiku awiri.

Kulikonse kumene mungapite, mukangolemba kuti "PCR ikuvuta" palibe angakuthandizeni. Ikani chithunzi cha gel yonse, osadula, ladder (mizere yoyezera kukula kwa bandi) izioneka. Tchulani kukula kwa bandi yomwe mukuyembekezera, annealing temperature (kutentha komwe ma primer amamatira pa DNA), ma cycle angati, ndi kuchuluka kwa ma primer, tizidutswa ta DNA toyambitsa PCR.

Kukula kwa bandiko ndiye pagona nkhani. Ikakhala pansi pa 100 bp (base pair, muyeso wa kutalika kwa DNA), yooneka mbuu kumunsi kwa gel, kawirikawiri ndi primer dimer, ma primer akugwirana okhaokha. Atsitseni afike 0.2 µM, kwezani annealing ndi madigiri 2, kapena gwiritsani ntchito hot-start Taq, enzyme yomwe imayamba kugwira ntchito ikatenthedwa. Bandi yaing'ono chotere imaoneka bwino pa gel ya agarose ya 2%. Koma bandiyo ikafanana ndendende ndi ya sampulo, kawirikawiri ndiye kuti DNA ya PCR zam'mbuyo yalowa mu ma reagent. Tayani madzi ndi ma aliquot (ma reagent ogawidwa m'timachubu) otsegula kale, tengani ma filter tip, pukutani benchi ndi ma pipette ndi jiki wa 10% kenako mutsuke ndi madzi. Ethanol ya 70% siwononga DNA, ambiri amanyengeka pamenepa. Master mix, msakanizo wa ma reagent a PCR, musamasakanizire m'chipinda chomwe mumatsegulira machubu otuluka m'makina.

Musanaponye chithunzi, bisani dzina, nambala ndi barcode ya wodwala. Ngati kafukufukuyo anavomerezedwa ndi COMREC kapena NHSRC, makomiti ovomereza kafukufuku wa zaumoyo ku Malawi, funsani kaye PI wanu (mkulu wa kafukufukuyo) musanatulutse zotsatira zilizonse.