Headset yoyamba ya magemu: yambani mwayang'ana pulagi yake

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mnyamata wina wa ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe. Akuti ali ndi PlayStation 4 (PS4) komanso laputopu, amasewera EA Sports FC ndi Call of Duty ndi anzake pa intaneti, koma akunyumba ayamba kudandaula ndi phokoso la TV usiku. Wasunga kandalama, ndipo m'shopu ina waonamo headset yolembedwa "7.1 surround", yoyaka timagetsi tamitundumitundu. Mnzake wina akumuuza kuti angogula ya Bluetooth kuti asamavutike ndi waya. Akufunsa kuti pa ziwirizi atenge iti.

Achimwene, pa ziwirizo musatenge iliyonse. Gulani ya waya, ya pulagi ya 3.5mm, yophimba khutu lonse, yopepuka, yokhala ndi maiki yotulukira pafupi ndi pakamwa. Imeneyi ndi imene idzagwire pa padi (chogwirira m'manja posewera) ya PS4, pa laputopu ndi pa foni yomwe, popanda kutchaja kapena kuikamo pulogalamu ina iliyonse.

Tiyambe ndi pulagi, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amatayira ndalama. Itengeni m'manja, muyang'ane kachitsulo ka kumapeto kwa waya, muwerenge timizere takuda tozungulira. Tikakhala tiwiri, pulagiyo imatchedwa TRS ndipo imangonyamula mawu a khutu la kumanzere ndi la kumanja, maiki ayi. Tikakhala titatu, ndi TRRS, yonyamula mawu ndi maiki pamodzi. Kabowo ka pansi pa padi ya PS4, ya PS5, ndi mapadi a Xbox otuluka kuyambira mu 2015 kamafuna ya timizere titatu. Malaputopu ambiri a masiku ano alinso ndi kabowo kamodzi ka mtundu womwewu. Koma ma headset ambiri otchipa anapangidwira kompyuta ya pa tebulo, motero amabwera ndi mapulagi awiri, yobiriwira ya mawu ndi ya pinki ya maiki. Mukalowetsa yobiriwirayo pa padi mudzamva gemu bwinobwino, koma anzanu sadzakumvani, chifukwa pulagi ya maiki ikungolendewera. Mankhwala ake ndi kawaya kamphanda kolumikiza mapulagi awiriwo kukhala imodzi ya TRRS. Timawaya timeneti tilipo ta mitundu iwiri, kolumikiza ziwiri kukhala imodzi ndi kogawa imodzi kukhala ziwiri, choncho onetsetsani kuti mwatenga koyenera makina anu. Ndipo kawaya kogawira mawu kwa anthu awiri omvera nyimbo limodzi, ngakhale kamaoneka chimodzimodzi, sikanyamula maiki.

Pali vuto lina losowa koma losokoneza mutu. Mapulagi a TRRS ali ndi masanjidwe awiri. Wa CTIA ndi umene makina ambiri a masiku ano amatsatira. Wa OMTP unali m'mafoni akale a Nokia ndi Sony Ericsson, ndipo unasinthanitsa malo a maiki ndi a waya wa ground. Mukaika headset ya OMTP pa padi, mawu amamveka ngati akuchokera m'mgolo, a anthu olankhula n'kumazimiririka. Anthu amaganiza kuti padi yawonongeka, chonsecho ndi kusiyana kwa masanjidwe basi. Zoterezi mungakumane nazo mukagula katundu wakale wa pa kaunjika.

Tsopano ija ya timagetsi. Yang'anani kumapeto kwa waya wake. Mukapeza pulagi ya 3.5mm komanso ya USB pa waya umodzi, nthawi zambiri USB imeneyo ntchito yake ndi kuyatsa timagetsito basi, mawu sadutsamo. Pulagi ya 3.5mm imanyamula njira ziwiri zokha za mawu, kumanzere ndi kumanja. Ndiye "7.1" yolembedwa pa katoniyo, imene imatanthauza njira zisanu ndi zitatu za mawu ozungulira womvera, ikuchokera kuti? Ngakhale pa ma headset odula, pafupifupi onse ali ndi timasipika tiwiri tokha, kamodzi khutu lililonse. Chimene amachitcha 7.1 ndi pulogalamu yochedwetsa ndi kusintha mawu pang'ono pakati pa makutu awiriwo kuti ubongo uganize kuti akuchokera kumbuyo kapena m'mbali. Pulogalamu yotere muli nayo kale kwaulere: Windows 10 ndi Windows 11 zili ndi Windows Sonic, ndipo PS5 ili ndi Tempest 3D imene imagwira ndi headset wamba ya waya. Osewera ambiri a magemu owomberana monga Counter-Strike 2 amazimitsa 7.1 ya headset, chifukwa gemuyo imawerengera yokha kumene mawu akuchokera, ndipo kuwonjezerapo ina pamwamba kumachititsa kuti mapazi a mdani amveke ngati ali paliponse. Musalipire ndalama ina chifukwa cha nambala imeneyi.

Za Bluetooth mnzanuyo wakusocheretsani, ngakhale amafuna kukuthandizani. Choyamba, PS4 ndi PS5 sizilola mahedifoni wamba a Bluetooth; mudzangoona uthenga wokana. Chachiwiri, Bluetooth imachedwetsa mawu, kawirikawiri ndi mamilisekondi pakati pa 150 ndi 250. Poonera filimu simuzindikira chifukwa foni imachedwetsanso chithunzi kuti zifanane, koma gemu singadikire: mumawombera, kulira kwa mfuti n'kubwera pambuyo. Chachitatu, mukangoyatsa maiki, Bluetooth imasiya njira ya nyimbo n'kulowa njira ya kuimba foni, mawu onse a gemu n'kukhala opyapyala ngati a wayilesi yakale, osasiyanitsanso kumanzere ndi kumanja. Ma headset a magemu opanda waya enieni amabwera ndi kachipangizo ka USB kotumiza mawu pa 2.4GHz, ndipo kuchedwa kwake n'kochepa kwambiri moti khutu silizindikira. Ndi abwino, koma ndi odula, batire yake imafooka pakapita zaka, ndipo kachipangizoko kakatayika headset yonse imakhala yosagwira ntchito mpaka mutapeza kena kofanana nako ndendende. Kuno kumene magetsi amathimathima, kuwonjezera chinthu china chofuna kutchaja sikupindulitsa munthu amene akugula koyamba. Kwa amene ali ndi Xbox ndionjezere kuti headset ya USB kapena ya kachipangizo imene imagwira pa PlayStation nthawi zambiri sigwira pa Xbox pokhapokha katoni yake italembedwa kuti inapangidwira Xbox. Ya 3.5mm ilibe tsankho limeneli.

Pulagi ikakhala yoyenera, chotsatira ndi mmene ikukhalira m'mutu, ndipo ichi ndimachiika patsogolo pa kukoma kwa mawu. Headset yomveka bwino koma yopweteka mudzaivula pakangotha mphindi 40. Kulemera kwake kukhale pansi pa magalamu 300 ngati n'kotheka. Mwachitsanzo Razer BlackShark V2 X imalemera magalamu 240, HyperX Cloud Stinger yoyamba 275, pomwe HyperX Cloud II ndi pafupifupi 320, ngakhale kuti imeneyi imagawa bwino kulemerako. Makushoni ake azungulire khutu lonse, asakhale pamwamba pa khutu, ndipo akhale okuya mokwanira kuti nsonga ya khutu isakhudze pulasitiki ya mkati. Ngati mumavala magalasi a maso, yesani headset mutawavala. Kufinya kwa chitsulo cha pamutu kumakanikizira miyendo ya magalasi m'litsipa, komanso miyendoyo imasiya kampata pa kushoni pamene besi imathawira.

Nsalu ya makushoni ndi nkhani yaikulu m'dziko lotentha. Ambiri amakutidwa ndi chikopa chochita kupanga. Chimatseka bwino phokoso ndipo besi imamveka yamphamvu, koma sichipuma. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala makutu amatuluka thukuta, ndipo thukuta ndi mafuta odzola ndi zimene zimasungunula kachikopako mpaka kayamba kusupuka, n'kumasiya tizidutswa takuda m'makutu ndi m'tsitsi. Makushoni a nsalu amapuma ndipo amachapika, kungoti amalowetsako phokoso la kunja pang'ono. Musanalipire, kokani kushoni pang'onopang'ono muone ngati imachoka. Ikakhala yochoka, mudzagula ina ikatha, m'malo motaya headset yonse. Mukamaliza kusewera ipukuteni ndi kansalu konyowa pang'ono, osati sipiriti, ndipo musaisiye pa windo padzuwa.

Poti vuto lanu ndi phokoso la usiku, tengani yotseka kumbuyo. Pali mahedifoni ena otsekula kumbuyo, okhala ndi timabowo kunja kwa makapu ophimba makutu, monga Beyerdynamic DT 990 Pro. Mawu ake amamveka otakasuka, koma amatuluka kunja moti wogona nanu chipinda chimodzi amamva zonse. Chitsanzo chomwechi chikutiphunzitsanso za ma ohm, muyeso wa mmene timasipika timakanira mphamvu ya magetsi: DT 990 Pro yodziwika kwambiri ndi ya ma ohm 250, ndipo padi ya PS4 ilibe mphamvu yoikankha, motero imamveka pansipansi ngakhale mutakweza voliyumu yonse. Ya pakati pa ma ohm 16 ndi 64 ndi imene padi ndi foni zimaikwanitsa. Kukula kwa timasipika, kaya ndi 40mm, 50mm kapena 53mm, musakulabadire kwambiri. Ya 40mm yopangidwa bwino imaposa ya 50mm yopangidwa mwachisawawa. Chofunika kumvetsera ndi besi. Ma headset otchipa amaichulutsa dala kuti kuphulika kwa mabomba kukusangalatseni m'shopu, koma besi yochuluka imakwirira timawu ting'onoting'ono ta mapazi ndi ta mfuti ikamaikidwa zipolopolo, timene mumafuna kumva mu Call of Duty.

Maiki ikhale ya kandodo kopindika. Muiike pakona ya pakamwa, motalikira zala ziwiri, osati kutsogolo kwenikweni kwa milomo kapena pansi pa mphuno, chifukwa anzanu azingomva kupuma kwanu ndi kuphulika kwa "p" ndi "b". Kasiponji ka kumapeto kwake musakataye, ntchito yake ndi yomweyi. Njira yozimitsira maiki ikhale yoti mutha kuipeza osayang'ana. Pa Cloud Stinger mumangokweza kandodoko m'mwamba, maiki yazima, ndipo zimathandiza amayi akalowa kudzakulankhulani muli pakati pa gemu ndi anthu asanu akumvetsera.

Chimene chimapha ma headset ambiri a waya si timasipika ayi, ndi waya kuduka mkati, pafupi ndi pulagi kapena pamene ukulowa m'kapu. Chizindikiro chake ndi khutu limodzi kumadukiza, n'kubwerera mukapinda waya. Zimachitika chifukwa chokulunga waya mothina pa padi, kuzula pokoka waya m'malo mogwira pulagi, kapena kuuponda ndi mpando. Ngati ndalama ikulola, tengani ya waya wochotseka, monga HyperX Cloud Alpha kapena SteelSeries Arctis Nova 1. Kwina kumene imathyokera ndi pamene kapu ikulumikizana ndi chapamutu. Ya chitsulo pamenepo imapirira kuposa ya pulasitiki. Utali wa waya wa mita imodzi ndi pang'ono ndi wokwanira pa padi, wa mamita awiri kapena atatu umangokukolani m'miyendo.

Mayina odziwikawa ali ndi achinyengo ake ambiri. Mukaona yolembedwa Razer kapena HyperX pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa pa tsamba la kampaniyo, kayikirani. Yang'anani zilembo za pa katoni ngati zili zolakwika kapena zosaoneka bwino, ndipo muone ngati nambala ya pa katoni ikufanana ndi ya pa headset. Ngati mukutuma m'bale wa ku Johannesburg, mutumizireni dzina lonse ndi chithunzi cha pulagi, chifukwa dzina limodzi limatha kukhala ndi mtundu wa 3.5mm, wa USB ndi wopanda waya, ndipo kubweza katundu atawoloka kale malire n'kovuta.

Pogula m'shopu pitani ndi foni yanu, makamaka yokhala ndi kabowo ka 3.5mm monga mafoni ambiri a Tecno ndi Itel. Lowetsani pulagi mpaka imveke kuti yakhala. Imbani nyimbo imene mukuidziwa bwino, mumvetsere khutu lililonse palokha. Gwedezani waya pafupi ndi pulagi ndi pafupi ndi kapu nyimbo ikuimba. Mukamva kuthetheka, isiyeni. Zungulitsani kagudumu ka voliyumu pang'onopang'ono kuyambira pansi, chifukwa pa zotchipa khutu limodzi limayamba kumveka linzake lisanayambe. Jambulani mawu anu pa WhatsApp, kenaka gogodani pa maiki ya headset ndi chala kuti mutsimikize kuti ikujambula ndi iyoyo, osati maiki ya foni. Pomaliza khalani mutaivala mphindi zosachepera 10, ngakhale wogulitsa akuyang'aneni.

Mukafika nayo kunyumba n'kupeza kuti mukumva anzanu okha, mawu a gemu akutulukabe pa TV, headset sinawonongeke. Pa PS4 lowani mu Settings, kenaka Devices, Audio Devices, ndipo pa Output to Headphones sankhani All Audio. Pomwepo pali Adjust Microphone Level. Lankhulani monga mumalankhulira posewera, musinthe mpaka mzere uzifika pakati osagunda kumapeto. Dziwaninso kuti batire ya padi izitha msanga pang'ono, poti ndiyo ikudyetsa headset. Pa laputopu, maiki ikapanda kugwira yang'anani mu Settings, System, Sound, kuti pa Input pasankhidwe ya headset, ndiponso mu Privacy kuti pulogalamu yolankhulirana ya Discord kapena gemuyo yaloledwa kugwiritsa ntchito maiki.

Ndipo chonde samalani makutu. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO limati munthu wamkulu angamvere mawu a madesibelo (muyeso wa kukwera kwa mawu) 80 kwa maola 40 pa sabata popanda chiopsezo, koma pa madesibelo 90 nthawiyo imatsika kufika maola 4 okha pa sabata. Timaselo ta mkati mwa khutu tikafa sitimeranso. Headset yotseka bwino imakuthandizani apa, chifukwa simufunika kukweza kuti mugonjetse phokoso la jenereta kapena la wayilesi ya aneba. Yambani ndi voliyumu ya theka, mukweze pang'ono pokhapokha ngati mapazi sakumveka. Munthu amene waima pafupi nanu akamalankhula mokweza inu osamva kalikonse, kapena mukavula n'kumamva kulira kwa "ngwiii" m'makutu, tsitsani, ndipo ola lililonse muziivula kwa mphindi zingapo.