Magazi a amayi anu akasungidwa amatani nawo?

Achemwali, mwati amayi anu atalowa m'kafukufuku wa shuga ndi BP anawatenga magazi timabotolo titatu n'kuwauza kuti ena asungidwa zaka zambiri, ndiye mukufunsa ngati sagulitsa. Mwachita bwino kufunsa. Tonse tikukumbuka 2017, mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje ndi Phalombe mpaka anthu kuphedwa. Nkhani ya magazi kwathu kuno imafuna kufotokoza bwino.

Malo osungirawo amawatchula kuti biobank. Magaziwo amawagawa m'timabotolo tochepa ngati chala cha mwana, amamatapo nambala m'malo mwa dzina, n'kutiika m'mafiriji ozizira madigiri 80 kunsi kwa ziro. M'kompyuta amalemba zaka za munthuyo, sikelo yake, ngati amasuta, ndi matenda amene adzamugwire m'tsogolo.

Phindu lake limabwera mochedwa, ndipo ine chimene chinanditsegula maso ndi cha ku Karonga. Ku Chilumba kunayamba kafukufuku wa khate mu 1979. M'zaka zotsatira ankabaya anthu pachala, kadontho ka magazi n'kukaumitsa pa kapepala. Panalibe amene ankaganiza za Edzi nthawi imeneyo. Patapita zaka, akatswiri anatulutsa timapepala tija n'kutiyeza, ndipo anapeza kuti HIV inali italowa kale m'bomalo mu 1982, pomwe wodwala Edzi woyamba m'Malawi analengezedwa mu 1985. Akadataya timapepalato, bwenzi tisakudziwa mmene mliriwu unayambira kumeneko.

Biobank yotchuka kwambiri ndi ya ku Britain, UK Biobank, imene inasonkhanitsa anthu pafupifupi 500,000 a zaka 40 mpaka 69 pakati pa 2006 ndi 2010. Koma chimandipweteka n'chakuti pa anthu 100 alionse mmenemo, oposa 90 ndi azungu. Ife m'mafiriji otere tilimo ochepa, chonsecho matupi athu salandira mankhwala mofanana ndi awo. Amene munamwapo ma ARV akale aja okhala ndi efavirenz mukudziwa chizungulire ndi maloto oopsa usiku. Anthu ambiri a mu Africa anabadwa ndi chiwindi chimene chimachedwa kuchotsa mankhwalawa, ndiye amachulukana m'magazi. Zinthu ngati zimenezi zimadziwika pokhapokha magazi athu ayezedwe. N'chifukwa chake ntchito yofufuza za chibadwa ndi matenda a anthu a mu Africa yotchedwa H3Africa inakhazikitsa malo ake osungira magazi ku Uganda, Nigeria ndi South Africa.

Za kugulitsa, ndisakunamizeni. Magazi sagulitsidwa ngati tomato pamsika, koma ku UK Biobank ofufuza amalipira kuti aone zolembedwazo, ndipo makampani opanga mankhwala nawo amaloledwa. Chinyengo chinachitikaponso. Mtundu wa Havasupai ku America unapereka magazi cha m'ma 1990 utauzidwa kuti ndi za shuga, kenako n'kumva kuti agwiritsidwa ntchito pofufuza matenda a misala ndi kumene makolo awo anachokera, iwo osafunsidwa. Anasumira Arizona State University, ndipo mu 2010 inawalipira madola 700,000 n'kuwabwezera magazi awo.

Ndiye apempheni amayi akuonetseni chikalata chimene anasainira kapena kudinda chala. Amayenera kuwapatsa chawo chopita nacho kunyumba. Yang'anani ngati kafukufukuyo anavomerezedwa ndi NHSRC, komiti yovomereza kafukufuku ya ku Unduna wa Zaumoyo, kapena komiti ina yotere ngati COMREC ya kusukulu ya madokotala ku Blantyre, ngati magaziwo atuluke kunja kwa dziko (pamafunika chilolezo chapadera), asungidwa zaka zingati, komanso ngati adzawafunsanso akafuna kufufuzira matenda ena. Akasintha maganizo ali ndi ufulu wotuluka, ndipo kuchipatala azithandizidwabe monga kale. Pachikalatapo pamakhala nambala ya foni. Imbani amayi ali pompo, amve okha mayankho m'Chichewa.