Madzi a pansi pa Mars: yankho kwa bambo wokumba mijigo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene wakhala akukumba mijigo kwa zaka zambiri m'maboma a kum'mwera. Analemba kuti: "Ndinamva pawailesi kuti apeza madzi ochuluka ngati nyanja pansi pa nthaka ya Mars. Ife ntchito yathu ndi yomweyi, yofunafuna madzi pansi. Kodi madzi amenewo munthu angawakumbe? Nanga ngati alipodi, ndiye kuti anthu ayamba kusamukira kumeneko?"

Zikomo kwambiri bambo. Funso lanu landisangalatsa chifukwa lachokera kwa munthu wodziwa kuti kumva zoti pansi pali madzi n'kwina, kuwatulutsa n'kwinanso. Madzi amene munamva pawailesi aja palibe angawafikire, kaya lero kaya m'badwo ukubwerawu. Koma pa Mars pali madzi ena amene satchuka kwenikweni m'nkhani, ndipo ulendo wa anthu wopita kumeneko wagona pa amenewo.

Nkhani munamvayo inachokera ku chombo cha bungwe la NASA, la ku America lofufuza za mlengalenga, chotchedwa InSight, chimene chinatera pachigwa cha Elysium Planitia pa 26 Novembala 2018. Chombochi sichinali choyendayenda ayi. Chinakhazikika pamalo amodzi n'kutsitsira pansi kachipangizo kopangidwa ku France komvera kugwedezeka kwa nthaka. Kwa zaka zinayi kanamva zivomezi zoposa 1,300, kufikira fumbi litakwirira masola a chombocho mphamvu n'kutha mu Disembala 2022.

Inu mukagogoda diramu mumadziwa pamene madzi alekezera, chifukwa kumtunda kopanda kanthu kumalira mosiyana ndi kunsi kodzaza. Mafunde a chivomezi nawonso liwiro lake limasintha malinga ndi chimene akudutsamo: thanthwe louma, thanthwe losweka, kapena thanthwe losweka lokhala ndi madzi m'ming'alu. Mu Ogasiti 2024, Vashan Wright wa ku Scripps Institution of Oceanography pamodzi ndi Matthias Morzfeld ndi Michael Manga anafalitsa zotsatira za kuwerengera kwawo. Iwo anati chimene chikugwirizana bwino ndi liwiro limene InSight inayeza ndi thanthwe long'aluka lodzaza madzi, pakati pa makilomita 11.5 ndi 20 kupita pansi. Anatinso ngati pulaneti lonse lili choncho, madziwo atawatulutsa akhoza kuphimba Mars yense ndi nyanja yakuya kilomita imodzi kapena awiri.

Choncho si nyanja yoti munthu n'kupalasamo bwato. Ndi madzi a m'ming'alu, ofanana ndi amene inu mumawapeza mukaboola thanthwe lolimba la kumtunda kuno, fumbi louma lija n'kusanduka matope mwadzidzidzi. Komanso palibe amene wawaona ndi maso. Zimenezi zili ngati ripoti la munthu wa saveyi, ndipo inu mukudziwa kuposa ine kuti makina ake akhoza kuloza malo, anthu a m'mudzi n'kusangalala, inu n'kukumba mpaka mapaipi kutha koma dzenje louma. InSight inamvera pamalo amodzi okha, ndipo asayansi ena ati manambala omwewo akhoza kutanthauza thanthwe lokhala ndi madzi ochepa zedi. Zofananazo zinachitika mu 2018, pamene gulu la Roberto Orosei la ku Italy linalengeza kuti rada (chipangizo chotumiza mafunde n'kumvera akabwerera) ya chombo cha Mars Express yaona chonga nyanja pansi pa ayezi wa kum'mwera kwenikweni kwa Mars, kilomita imodzi ndi theka kupita pansi. Mpaka pano akukanganabe, ena akuti chinabweza mafunde a radayo ndi dongo kapena miyala chabe.

Tiyerekeze kuti madziwo alipodi. Makilomita 11.5 ndi pafupifupi mapiri anayi a Mulanje, kuyeza pa Sapitwa, atawasanjikiza. Dzenje lakuya kuposa onse limene anthu anakumbapo molunjika pansi ndi la ku Kola, kumpoto kwa Russia. Analiyamba mu 1970, ndipo anafika mamita 12,262 mu 1989, patatha zaka 19, ali ndi magetsi, msewu, amisiri ndi zitsulo zosinthira pafupi. Analephera kupitirira chifukwa pansipo kutentha kunafika madigiri 180. Mijigo yathu yambiri sifika n'komwe mamita 100.

Nanga pa Mars tinakumbapo mozama bwanji? InSight yomweyo inanyamula kachipangizo kochokera ku Germany kamene anakatcha mfuko, koti kadzikhomerere kokha m'dothi mpaka mamita asanu. Anakapanga poganiza kuti dothi lidzakhala lofumbutuka, lizigumukira n'kumakagwira m'mbali pamene kakudzimenya. Koma anapeza dothi logwirana ngati chikhakha. Dzenje linangokhala pululu, kamfuko kaja n'kumangodumphadumpha m'katimo. Akatswiri analimbana nako zaka ziwiri, mpaka kukakanikiza ndi dzanja la chombocho, koma anagonja mu Januwale 2021 kasanafike ndi theka la mita lomwe. Mukanakhalapo inu bambo, mukanangogwira fosholo n'kukonza vutolo tiyi asanazizire. Kukumba uli kutali makilomita mamiliyoni n'kowawa chotero.

Madzi amene ndikuti ndi ofunika aja ali pafupi kwambiri, koma ndi oundana. Mu 2008 chombo cha Phoenix chinatera kumpoto kwa Mars n'kupala dothi ndi kafosholo kake. M'kangalande kosazamako munaoneka tizidutswa toyera. Ena anati ndi mchere. Patatha masiku anayi anajambulanso malo omwewo, tizidutswa tija palibe. Mchere suzimiririka. Anali ayezi, ndipo anauluka ngati nthunzi osayamba wasungunuka, chifukwa mpweya wa pa Mars ndi wopepuka kwambiri, mphamvu yake yopanikiza sifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a mpweya wathu kuno. N'chifukwa chake simungapeze chithaphwi pamtunda pa Mars.

Kuchokera pamenepo umboni wakhala ukuchuluka. Mu 2016 rada ya chombo cha Mars Reconnaissance Orbiter inasonyeza kuti pansi pa chigwa cha Utopia Planitia pali ayezi wokhala ndi madzi ochuluka ngati a m'nyanja ya Superior ya ku North America, kutanthauza oposa a m'Nyanja ya Malawi, ndipo dothi lomuphimba ndi la mita imodzi mpaka khumi basi. Mu 2018 Colin Dundas ndi anzake anaonetsa zithunzi za maphompho asanu ndi atatu pomwe nthaka inagumuka, ayezi n'kuonekera poyera ngati khoma, kuyambira mita imodzi kapena ziwiri kuchokera pamwamba. Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi cha pa 24 Disembala 2021. Mwala unagwa kuchokera mlengalenga ku Amazonis Planitia, InSight inamva kugunda kwake, ndipo zithunzi zinadzaonetsa dzenje la mamita 150 m'mimba mwake, m'mbali mwake mutamwazika zibuma za ayezi zazikulu ngati matanthwe. Mwala uja unachita ntchito imene makina athu anailephera.

Anthu ambiri akamva za madzi amaganiza za kumwa, koma kumwa ndi mbali yaing'ono. Pa International Space Station, malo a kafukufuku ozungulira dziko lathu mlengalenga, mu 2023 anafika pobweza madzi 98 pa 100 alionse kuchokera ku thukuta, mpweya wopuma ndi mkodzo. Chimene chimadya madzi ambiri ndi ulendo wobwerera. NASA inawerengera kuti kunyamula anthu anayi kuchoka pa Mars kumafuna mafuta a roketi okwana matani 7 ndi okosijeni wokwana matani 25 woyatsira mafutawo, pamene anthu anayi omwewo amapuma pafupifupi tani imodzi yokha pachaka. Kusenza katundu yenseyo kuchokera kuno n'kodula koopsa, chifukwa kilogalamu iliyonse yotera pa Mars imafuna makilogalamu ambirimbiri a mafuta ponyamuka. Koma madzi ukawadutsitsa magetsi amagawikana kukhala okosijeni ndi haidirojeni. Haidirojeniyo ukamuphatikiza ndi kaboni dayokisaidi, amene ndi pafupifupi 95 pa 100 ya mpweya wa pa Mars, umapeza methane, mafuta omwe roketi ya Starship ya kampani ya SpaceX imayendera. Ndiye kuti ayezi uja ndi filing'i siteshoni. Popanda iye, wopita kumeneko ayenera kusenza mafuta obwerera, ndipo ulendo wotere sungachitike kawirikawiri.

Komabe tisafulumire kuimba nthungululu. Kachipangizo kotchedwa MOXIE, kamene kanafika pa Mars ndi galimoto yofufuza ya Perseverance mu 2021, kanasonyeza kuti n'zotheka kupanga okosijeni kuchokera mu mpweya wa pa Mars. Atakayatsa maulendo 16, kanapanga magalamu 122. Ikani magalamu 122 pambali pa matani 25, muona kutalika kwa njira imene yatsala.

Kakumbidwe ka ayeziyo kakhoza kukusangalatsani, chifukwa kalipo kale pano. Kumalo a kafukufuku a America ku South Pole amamwa madzi a m'chitsime chotchedwa Rodriguez well: amaboola ayezi, amatsitsa madzi otentha n'kusungunula chimphanga pansi, kenako amapopa madziwo, ena n'kuwatenthetsanso kuwabwezera komweko kuti chitsime chisaundane. Akatswiri akulingalira zochita chimodzimodzi pa Mars. Vuto ndi moto wake. Kumeneko kumazizira mpaka madigiri 60 kunsi kwa ziro tikatengera pakatikati, mphamvu ya dzuwa sifika theka la imene timalandira kuno, ndipo chimphepo cha fumbi chikhoza kuphimba thambo kwa milungu, monga chinachitira mu 2018 pamene chinapha galimoto ya Opportunity. Ine ndikuona kuti popanda magetsi a nyukiliya ntchito imeneyi singayende. Ndiponso Phoenix inapeza m'dothimo mchere wotchedwa perchlorate, umene umasokoneza chithokomiro cha munthu. Inu amene mwakumbapo ku Chikwawa mukudziwa ululu wa mjigo wotulutsa madzi ambiri koma amchere, amayi n'kumaudutsa ndi ndowa zawo kupita kumtsinje. Madzi a pa Mars adzafunika kusefedwa asanafike pakamwa pa munthu kapena pa mbewu.

Tsono zoti anthu asamukire kumeneko, ine sindikuziona. Madzi achotsa chopinga chimodzi mwa zambiri. Ulendo umatenga miyezi isanu ndi umodzi mpaka isanu ndi inayi, mpata wonyamuka umapezeka kamodzi pa miyezi 26, ndipo uthenga wa pawailesi umatha mpaka mphindi 22 kuti ufike mbali imodzi yokha. Panjira thupi limalandira cheza choopsa cha mlengalenga, mafupa ndi minofu zimafooka. Mwezi uli pamtunda wa masiku atatu okha, koma munthu womaliza kupondapo anachokako mu Disembala 1972. Kumeneko nakonso kuli ayezi m'maenje amdima a kum'mwera, monga chombo cha LCROSS chinatsimikizira mu 2009 ku dzenje la Cabeus, ndipo nzeru ili poyamba kuphunzirira pafupipo. Chimene ndikuyembekezera pa Mars ndi kagulu ka anthu ochepa ofufuza, okhala mosinthana ngati a ku Antarctica. Ndipo chimene chidzawasunge ndi moyo ndi luso lokonza zinthu. Ndi mijigo ingati imene munaikumba bwinobwino, lero yaima chifukwa cha karabala ka m'pampu kamene kanatha n'kusowa wokagula? Pa Mars pampu ikafa, sitolo ili pamtunda wa zaka ziwiri.

Musaganize kuti madzi akuya aja ndawataya. Kwa ine ndiwo nkhani yaikulu, kungoti phindu lake lili kwina. Ku South Africa, kumigodi ya golide kumene agogo athu ambiri anakagwirako ntchito, kuli mgodi wa Mponeng. M'madzi otuluka m'ming'alu ya thanthwe, makilomita 2.8 pansi, asayansi anapezamo kachilombo kamene anakatcha Desulforudis audaxviator. Sikadziwa dzuwa, sikafuna okosijeni. Kamadya zimene zimapangika pamene cheza cha uranium wa m'miyala chikuphwanya madzi. Mars kalekale anali ndi mitsinje ndi nyanja, ndipo Perseverance inatera mu 2021 m'dzenje la Jezero momwe mtsinje unkathira. Ngati moyo unayambapo nthawi imeneyo, ndiye pamene pamtunda panauma n'kuzizira, kothawira kunali pansi, kofunda ndi konyowa. Mwina kulibe kalikonse. Koma ngati chilipo, chili kumeneko.

Apa m'pamene ndimada nkhawa ndi liwiro la ena ofuna kutumiza anthu msanga. Munthu amayenda ndi tizilombo tosawerengeka pakhungu ndi m'mimba, ndipo sungamuwiritse ngati chitsulo. Malo a ayezi amene akufunidwa kuti anthu akatereko ndi omwewonso amene tizilombo tochokera kuno tingapezeko chinyezi, makamaka akayamba kusungunula. Tikakaipitsa tisanafufuze, tsiku lina tidzapeza kachilombo n'kulephera kudziwa ngati ndi ka komweko kapena tinabwera nako tokha. Pangano la mayiko la 1967 lonena za mlengalenga limalamula kupewa kuipitsa koteroko, ndipo ndikufuna lilemekezedwe ngakhale zitachedwetsa ulendo. Inu simukumba mjigo pafupi ndi chimbudzi, ndipo mukamaliza mumathira simenti kukamwa kwa dzenje kuti madzi a pamtunda asatsikiremo. Ndikufuna opita ku Mars akhale ndi mwambo womwewo, makina atsogole kaye anthu asanapondeko.

Chotsatira choti muzichitchera khutu ndi galimoto ya bungwe la European Space Agency yotchedwa Rosalind Franklin, imene akukonza kuti inyamuke mu 2028. Yanyamula chobowolera chofika mamita awiri, kuti ikatenge dothi limene cheza cha pamtunda sichinaliwononge. Mamita awiri kwa inu ndi poyambira chabe, koma ikakwanitsa, lidzakhala dzenje lakuya kuposa onse amene anthu abowolapo pa Mars. Mukapeza mpata mundilemberenso, bambo, mundiuze mjigo wakuya kwambiri umene munakumbapo ndi mmene thanthwe linkamvekera mutatsala pang'ono kugunda madzi.